Mawu Aang'ono a Zandonda

Zandonda anali ndi mawu awiri pakhosi limodzi. Polankhula, mawu ake ankachokera pansi pa chifuwa, okhuthala monga a mwamuna aliyense wandevu. Koma akafuna, ankawasiya pansi mawu amenewo nakwera pamwamba, ndipo pakamwa pake pankatuluka kaliwu kowonda, koyera, kosanjenjemera, kofika kumene ngakhale atsikana amalekezera. Munthu womvera kuseri kwa nyumba sakadavomera kuti woimbayo ndi bambo wa mapewa otambalala, amene anasenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya Ajeremani mpaka tsitsi linasosoka pakati pa mutu.

Chinali chaka cha 1919. Zandonda anali mkamwini m'mudzi wa Kalimbwe, patsinde pa mapiri a Mphangwe, kumene mkazi wake Yunesi anabadwira. Yunesi anali wobatizidwa. Zandonda anali asanabatizidwe, ndipo nkhani imeneyi inkamsowetsa mtendere. Ku ntchito yatengatenga anaona anzake akugwa m'mbali mwa njira, nakwiriridwa mofulumira popanda pemphero, popanda nyimbo. Anabwerako atatsimikiza mumtima kuti iye sadzafa ali kunja kwa khola la Mbusa Wabwino. Anabwerera m'kalasi la ofuna ubatizo, limene anaphunziramo zaka zingapo nkhondo isanamtenge, ndipo mafunso onse ankayankha bwino. Abusa a ku misoni anali atatumiza mawu kuti anthu akangotha kukumba nsawa adzafika kudzabatiza. Zandonda anali atasankha kale dzina latsopano. Anafuna kukhala Nikodemo, chifukwa anati nayenso anafika kwa Ambuye mochedwa, ndi mafunso ambiri.

Nyumba ya sukulu, ya zipupa zamatope ndi denga laudzu, ndiyo inalinso nyumba yopemphereramo. Amuna ankakhala mbali ina pa mitengo yosema, akazi mbali ina pa mphasa. Kale nyimbo za m'menemo zinkamveka mpaka kudambo, chifukwa kunali mayi wina, a Naomi, amene ankatsogolera akazi pa mawu a pamwamba. Koma fuluwenza inapita nawo a Naomi pamodzi ndi ena ambiri, ndipo chiyambire maliro awo, akazi ankaimba ngati anthu oyenda mumdima, aliyense kudikira mnzake kuti aponde poyamba.

Lamulungu lina aphunzitsi a Gibson, mnyamata wofatsa amene anatumidwa kuchokera kutsidya ku Nyasaland, anayambitsa nyimbo imene anthu onse ankaikonda:

"Ndinagona m'fumbi, Mbuye, munanditchula dzina."

Amuna anaigwira bwino pansi. Koma pofika pamene nyimbo imakwera, poti "dzuka, mwana, kunja kwacha," akazi anazengereza, nyimbo niyamba kumira ngati ng'ombe m'thope. Zandonda sanaganize. Anangomva chisoni kuti mawu okoma otere akufera pakhomo, ndipo anatsegula pakamwa. Kaliwu kaja kanatuluka kuchokera ku mbali ya amuna, kanakwera molunjika mpaka kudenga, ndipo akazi onse anakatsatira nthawi yomweyo, mwamphamvu, monga sanaimbirepo chichokere a Naomi. A Gibson anatsinzina, misozi ili m'masaya.

Koma akaziwo anayankha bwino kopitirira muyeso. Mayi wina wachikulire, a Nasakala, anaiwala kumene ali, naomba m'manja kawiri, phu phu, mapewa akugwedezeka. Kenaka anadzidzimuka nabisa manja m'nsalu. Ana anaseka. Ndipo a Simoni, mkulu wa mpingo, amene analinso atsibweni ake a Yunesi, analeka kuimba nayang'ana mkamwiniyo ndi maso ouma.

Chifukwa chake aliyense wobadwira m'dera limenelo ankachidziwa. Pa gule wamkulu, chilombo chikatuluka kudambwe kubwera pabwalo, sichiimba ndi mawu a munthu. Chimaimba ndi mawu aang'ono a pamwamba kuti asachizindikire, ndipo akazi amachiyankha akuomba m'manja. Zandonda asanalowe m'kalasi anali wa kudambwe, monga analili pafupifupi amuna onse a msinkhu wake. Zimenezo anazisiya poyera, pamaso pa mpingo, ndipo sanabwererekonso. Koma makutu a anthu sanaiwale.

Masana a tsikulo Yunesi anampeza akusenda nsawa pakhonde.

"Inu, mwatiimbitsa lero," anatero akuseka. "A Nasakala pang'ono n'kuvula mpango kumanga m'chiuno."

"Ndalakwa kodi?"

"Mwalakwira yani? Nyimbo inali kufa, mwaidzutsa."

"Atsibweni ako sanandipatse moni potuluka."

"Atsibweni anga moni wao ndi wodula chibadwire. Sendani nsawa."

Koma a Simoni sanangomana moni. Anayenda khomo ndi khomo kwa akulu anzao, ndipo Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, analengeza kuti pasachoke munthu, pali mlandu. Anthu anakhala pansi pa mkuyu umene unali pabwalo la sukulu, akulu a mpingo pa mipando, a Gibson pambali pao, Zandonda pansi pakati.

"Abale," anayamba a Simoni, "nyumba iyi tinamanga ndi manja athu, tinaipatula kuti ikhale ya Mulungu. Tinatuluka mumdima. Tsono sabata latha mdima watilondola mpaka pa mpando. Mawu amene tinamva aja si a mwamuna. Si a mkazinso. Nonse mukudziwa kumene mawu otere amachokera."



"Pepani, a Simoni," anatero a Gibson mwaulemu, "ine ndinamva nyimbo ya Mulungu, mawu ake omwewo, maimbidwe ake omwewo. Kwathu kusukulu kunalinso amuna ena oimba pamwamba chotere."

"Aphunzitsi, inu ndinu mlendo. Mlendo amaona denga, mwini nyumba ndiye amadziwa podontha. Kodi simunaone mayi akuomba m'manja?"

A Nasakala anaweramitsa mutu. "Manja anangopita okha, bambo," anadandaula.

"Mwamva? Anapita okha! Ndani anawaitana?" A Simoni analoza Zandonda. "Lero manja, mawa chiuno, mkuja tidzapeza fumbi likuuluka m'nyumba ya Mulungu. Iwe mkamwini, yankha. Mawu amenewa sunaimbepo nawo kwina?"

"Ndinaimba nawo, atsibweni," anayankha Zandonda ndi mawu ake apansi aja. "Sindinabisepo. Tsiku limene ndinalowa m'kalasi ndinaulula zonse, inu muli pompo."

"Ndiye wavomera kuti ndi a kumeneko."

"Iyayi. Ndinali nawo ndisanapiteko. Ndili mwana kwathu, tinkakhala pansanja kuinga anyani m'munda, ndipo tinkaitanizana ndi anzanga kuchokera phiri lina kufika phiri lina. Nditakula mawu a anzanga anasweka n'kutsikiratu. Anga anatsika, koma aja a pamwamba sanachoke. Kudambwe anangowabwereka. Sanawapange ndiwo."

"Chobwerekedwa ndi Satana chimabwera ndi fungo lake."

Akulu ena anang'ung'udza movomereza. Anali anthu abwino, ambiri a iwo, anthu amene anazunzikapo chifukwa chokana gule, amene abale ao anawatukwana pamaliro. Mantha ao sanali opanda pake. Koma mantha akakhala pa mpando woweruzira, chilungamo chimaimirira panja. Palibe mmodzi wa iwo amene anafunsa kuti munthuyu ankaimbira yani, kapena kuti mtima wake unali kuti. Anayesa khosi, mtima nauleka, chonsecho sabata ndi sabata ankaphunzitsa ana kuti Mulungu sapenya monga apenyera munthu.

A Simoni anapereka chigamulo chao. "Sitikufuna kukutsekera khomo. Abusa ali pafupi kufika. Uimirire pano, unene pamaso pa mpingo kuti mawu aja ndi a Satana, kuti unachimwa powalowetsa m'nyumba ya Mulungu, ndipo kuti sudzawatulutsanso. Ukatero, ubatizidwa pamodzi ndi anzako. Ukakana, sitikuperekeza kwa abusa. Udzadikira."

 Kudikira! Abusa ankafika kumudziko kamodzi pa chaka, mwina osafika konse mitsinje ikavuta. Ndipo Zandonda anali ataona ndi maso ake mmene chaka chimodzi chimamezera anthu.

"Kukhala chete m'nyumba yopemphereramo, ndikhala," anatero Zandonda. "Mukati ndiziimba pansi ngati chule, ndiziimba. Ndinu akulu anga. Koma kunena kuti mawu amenewa ndi a Satana, limenelo ndi bodza. Anandipatsa ndi Mulungu, monga anandipatsa mphuno ndi zala. Ndingalandire bwanji madzi pamutu, bodza lili m'kamwa?"

"Mwaona kuuma khosi?" anatero a Simoni potembenukira anzao. "Mkamwini wa dzulodzuloli akutiphunzitsa za Mulungu!"

Pamenepo Yunesi ananyamuka pakati pa akazi. Mnzake anamkoka nsalu kuti akhale, koma iye anakutumula dzanjalo.

"Atsibweni, ndilankhuleko."

"Khala pansi, mwana iwe. Mlandu uwu ndi wa amuna."

"Ndi wa amuna bwanji, pamene oomba m'manja ndife? Mwakhala mukuzungulira ngati mbuzi pachikhomo, kumati kwina, kumeneko, kumene mukudziwa. Mukuopa kutchula chifukwa pali akazi. Ndiye nditchule ine. Inde, mwamuna wanga ankavina. Mawu ake ndinawadziwa ndisanadziwe nkhope yake. Akazi tonse tili pano tinkawadziwa. Mumayesa mkazi amene amakutungirani madzi osamba tsiku ndi tsiku sangazindikire mapazi anu chifukwa mwawapaka matope?"

Kunamveka "Haa!" kumbali ya amuna. Mawu otere mkazi sanena. Mwambo ndi wakuti mkazi, ngakhale aone chipsera cha mwamuna wake pamwendo wa chilombo, amati ndi chilombo basi, chochokera kumanda. Ngakhale amuna obatizidwa amene anasiya zimenezo kalekale anamva ngati wawavula pagulu. Akazi ena anabisa nkhope, ena anaseka m'nsalu.

Yunesi sanaleke. "Ndipo ng'oma imene imatiitana kumapemphero Lamulungu lililonse amaimba ndani? Si inu, atsibweni? Kodi si dzanja lomwelo limene linkaimba mbalule, ng'oma yotsogolera pabwalo? Mpaka lero pomaliza mumagunda mofulumira n'kudula mwadzidzidzi, monga munkadulira kuti chilombo chigwade. Miyendo yathu imakumbuka. Ine ndikamva ndili kumtondo, ndimachita kuigwira. Koma ndimati, ayi, ng'oma iyi tsopano ikuitanira kwa Yesu, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha manja anuwo."

A Nasakala analephera kudzigwira. "Zoona zimenezo," anatero, "amadula chimodzimodzi."

Nkhope ya a Simoni inachita ngati yathiridwa phulusa. "Ine ndinabatizidwa!" anakuwa.

"Eya. Ubatizo unatsuka manja anu. Nanga khosi la mwamuna wanga ungalephere kulitsuka? Mpatseni madziwo, tione ngati Mulungu angakanike. Anyani amasekana zikundu, atsibweni."

Mawuwo anali oona, ndipo kukadakhala kuti choonadi chokha chimakwanira, mlandu ukadathera pomwepo. Koma a Simoni anali atachititsidwa manyazi ndi mwana wa mlongo wao, pamaso pa akazi ndi ana, ndipo munthu wamanyazi sabwerera msanga. Akulu enawo nawonso anali atayamba kucheukira kumudzi. Ankadziwa kuti dzuwa lisanalowe, amuna a kudambwe adzakhala atamva zimene mkazi wachikhristu wanena poyera, ndipo padzakhala chipwirikiti. Anafuna kuti nkhani itsekedwe msanga, ndi kuti pakhale wina wosenza mlandu. Wosenza anali kale pansi pakati pao, munthu wozolowera katundu.

"Mwaona zipatso zake," anatero a Simoni. "Mawu amenewa angolowa kamodzi, taonani, akazi ayamba kutukwana akulu. Zandonda, komaliza. Unena kapena sunena?"

Zandonda anayang'ana a Gibson. Aphunzitsiwo anayang'ana kumbali. Anali mnyamata, mlendo, ndipo sukulu yao inkadalira akulu omwewa kuti azitumiza ana. Ankadziwanso kuti abusa akangomva liwu lakuti gule sadzafunsa zambiri. Anayang'ana zala za kumapazi kwao.

"Sindinena," anatero Zandonda.

"Ndiye udikira."

Umo ndi mmene anthu opulumutsidwa mwachisomo anatsekera mnzao pakhomo, osati chifukwa cha kuba, kapena chigololo, kapena mowa, koma chifukwa anaimbira Mlengi wake ndi mawu amene Mlengiyo anampatsa. Mbalame za m'dambo zimaimba pamwamba, palibe amene amaziitanira pabwalo. Ana aang'ono amaimba pamwamba, ndipo timati matamando ao ndi okoma kumwamba. Koma mwamuna wandevu akafika pomwepo, akuti ndi mdima!

Panjira yobwerera kunyumba Yunesi anali kulira ndi ukali.

"Ndakuonongerani ine. Ndikadakhala chete mwina akadafewa."

"Sakadafewa," anayankha mwamuna wake. "Koma za mapazi zija, iwe, unkadziwadi?"

"Chala chanu chachikulu chimayang'ana kumpoto. Mudzi wonse umadziwa."

Zandonda anaseka pang'ono, koma kuseka kwake sikunafike patali.

Nsawa zinakumbidwa, zinauma, ndipo abusa anafika pa bulu, atavala chisoti chachikulu, ali ndi owanyamulira katundu. Kuyambira kale, ntchito yosesa m'nyumba yopemphereramo ndi kutunga madzi pa masiku akulu inali ya Zandonda, ndipo panalibe amene anaganiza zomuchotsera imeneyo. Choncho mmawa wa tsiku la ubatizo anatenga mtsuko napita kuchitsime. Anasankha madzi apamwamba oyera, anawasefa pa kansalu, nawathira m'beseni loyera limene abusa anabwera nalo. Analinyamula ndi manja awiri osataya dontho, analiika patebulo patsogolo, kenaka anakakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo.

Anzake a m'kalasi anagwada mmodzimmodzi. Wina anadzuka ali Petro, wina Isaac, wina Christina. Ena mwa iwo mayankho a mafunso anawaphunzitsa ndi iye, ali kumunda. Dzina lililonse likatchulidwa, Zandonda ankati "Amen" chapansipansi, ndipo ankanenadi kuchokera mumtima. Koma manja ake anagwira maondo mwamphamvu mpaka mitsempha inatuluka.

Atatha kubatiza, a Gibson anayambitsa nyimbo ija, chifukwa ndiyo inkaimbidwa pa ubatizo uliwonse.

"Ndinagona m'fumbi, Mbuye, munanditchula dzina."

Amuna anaigwira pansi, a Simoni patsogolo. Pofika pokwera paja, Yunesi anatseka pakamwa napinda manja. A Nasakala anamuyang'ana, nawonso anatseka. Mmodzimmodzi akazi onse analeka, ngakhale amene anali atangobatizidwa kumene, madzi akadali m'tsitsi. Sanapangane. Pamene panayenera kumveka "dzuka, mwana, kunja kwacha" panali dzenje, ndipo amuna anangoguguda pansi pake ngati ng'ombe zosowa mbusa. Ndime yachiwiri chimodzimodzi. Anthu ena anacheukira kukhomo. Zandonda anali ataweramitsa mutu, milomo yake ikuyenda popanda liwu, pakuti anali atalonjeza.

Abusa anakweza maso. "Kodi akazi a kuno saimba?" anafunsa m'Chinyanja chao cholemera.

"Chimfine, bambo," anayankha msanga a Simoni. "Nyengo yozizira ino."

M'nyumba ya Mulungu, pa tsiku la ubatizo, patsogolo pa beseni! Munthu amene anakana bodza anali kukhomo, ndipo bodza linanenedwa kutsogolo, ndi mkulu. A Gibson anamva, nayang'ananso mapazi ao. Abusa anagwedeza mutu mwachifundo, napempherera odwala.

Anthu atatuluka kukapatsa moni akhristu atsopano, Zandonda analowa kudzachotsa beseni. Munali mutatsala madzi pang'ono pansi. Anaima nalo payekha m'nyumbamo, akuyang'ana madziwo, ndipo Yunesi, amene anali pakhomo, anaona dzanja lake lamanja likunyamuka pang'ono. Zala zinafika pamphepete pa beseni. Zinakhala pamenepo kanthawi. Kenaka anazibweza.

"Si ine wodzithira," anatero osatembenuka. "Ndidzalandira."

Anatuluka nalo nakathira madziwo patsinde pa kamtengo ka ndimu kamene ana a sukulu anabzala kuseri, anapukuta beseni ndi nsalu yake, nalipereka kwa wonyamula katundu wa abusa.

Alendo ankafuna madzi ena ophikira, choncho anatenganso mtsuko. Yunesi anatenga wake namtsatira, ndipo akazi ena, poona kuti ntchito ilipo, anatenga yao. Anadutsa mkuyu uja, anadutsa nkhokwe zomalizira za m'mudzi, nalowa m'njira ya kudambo, mwamuna mmodzi patsogolo, akazi pambuyo pake. 

"Nyimbo ija sinathe," anatero a Nasakala ali kumbuyo. "Yandikhala pakhosi ngati fupa."

Zandonda anayenda pang'ono, nayamba ndi mawu apansi, ngati munthu wodziimbira yekha. Pofika pokwera paja sanaime. Kaliwu kaja kanatuluka, kowonda, koyera, kanaoloka dambo lonse mpaka kukagunda m'matanthwe a Mphangwe, ndipo akazi anakalandira onse pamodzi, mitsuko ili pamutu.

Kumudzi, abusa anali akukwera bulu wao. Anaima phazi limodzi lili m'mwamba, namvetsera.

"Chimfine chatha msanga," anatero. "Mayi amene akutsogolerayo ali ndi mphatso. Ndi wobatizidwa?"

A Simoni anayang'ana a Gibson, a Gibson anayang'ana kudambo. Abusa anadikira pang'ono, koma dzuwa linali litapendeka ndipo mudzi wina unali kuwayembekeza. Anakwera bulu nanyamuka.

Kuchitsime, Zandonda anagwada pa mwala, anakankhira pambali masamba oyandama, nayamba kudzaza mitsuko ya akazi umodziumodzi, wake pomalizira.